Soya wosafa? Nanga nandolo anatilakwira chiyani?

Papita nthawi ndisanalembe. Mukudziwa nokha mmene ntchito yathuyi imakhalira, zochonga zili mulu patebulo, choko chatha, malipiro akuchedwa. Koma lero ndati ndisiye kaye zonsezo, chifukwa pali nkhani imene yandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba, ndipo ndikapanda kuilavula indipweteka. Ena mukwiya nayo, makamaka amene tinali limodzi pamsonkhano uja. Pepani, koma ndinena.

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaulimi ku Fomu 3 ndi Fomu 4 anandiimbira foni. Dzina sinditchula. Pano ndi bambo wa ana awiri, amalima kwawo, ndipo watenga kangongole ku banki m'khonde. Anandiuza mosangalala kuti wapeza mbewu ya soya wosafa. Akuti ukabzala kamodzi basi, umangokolola chaka ndi chaka, osalimanso, osagulanso mbewu, osathira feteleza. Akuti wogulitsayo wamuonetsa zithunzi pafoni, ndipo wamuuza kuti ku Brazil ndi ku Australia anthu analemera nayo kalekale. Maganizo ake ndi oti azule nandolo yense amene ali m'munda wa mayi ake, aike soya ameneyu. Ndiye amafuna ndimuuze kuti atalikitse bwanji mapando. Ndinamuuza kuti asagwire khasu mpaka atamva kaye zimene zinatichitikira pasukulu pano. Zimenezo n'zimene ndikulemba lerozi, kuti winanso amene akuganiza ngati iyeyu amve nawo.

Kuseri kwa hositelo ya atsikana tili ndi kamunda kosakwana ekala. Kwa zaka zambiri tinkabzalamo chimanga ndi nandolo mophatikiza. Sikuti kanali kamunda kodzitama nako, koma nandolo wake ankatithandiza ndiwo kawiri pasabata kwa miyezi ingapo, ndipo mitengo yake amayi ophika ankasonkhezera moto. Chaka cha 2023 chinatipweteka tonse. Mu Malichi namondwe Freddy anasesa minda kuno kummwera. Nyengo yomweyo matenda a dzimbiri anawononga soya m'madera ambiri a dziko lino. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa feteleza n'kukwera ngati wakwera ndege. Ndiye pamene mnzathu wina anabwera mu sitafu ndi kapepala ka njere, n'kunena kuti nayi mbewu yosafuna feteleza, yosafa, yoti ana azimwa phala la soya chaka chonse, anthu anaombera m'manja. Ine ndinayang'ana njerezo. Zinali ting'onoting'ono, todera, tosafanana m'pang'ono pomwe ndi soya amene ndimamudziwa. Ndinati tiyeni tiyese kaye mizere iwiri. Anandiseka. Wina anati achikulire, inu zanu ndi zamakedzana, dziko likupita patsogolo. Tinavota, ndinagonja, nandolo anazulidwa.

Chaka choyamba chomeracho chinakula mwaulesi, ndipo ng'amba ya 2024 inapereka chifukwa chabwino kwa amene anachibweretsa. Anati tidikire chaka chamawa. Chaka chachiwiri chinakuladi, sindinama. Chinayanga munda wonse, chinakwera mpanda, chinakulunga mtengo wa mango ndi waya woyanikapo zovala. Chinachita timaluwa toyera, kenaka timakoko taubweya tosafika kutalika kwa chala chaching'ono. Ana a Fomu 2 anatha masana onse akutola, ndipo njere zimene anapeza sizinadzaze ngakhale mbale yodyera. Amayi ophika anaziyang'ana n'kufunsa kuti kodi izi tiziphika kapena tizipatsa nkhunda. Amene anapindula ndi mbuzi za alonda athu, zinanenepa mpaka kuwala. Atsikana aja ndiwo zawo zinabwerera ku kabichi wamadzi, ndipo sukulu inayamba kugula nyemba kumsika ndi ndalama zimene makolo amasonkha movutikira. Pamsonkhano wotsatira nkhaniyi sinatchulidwenso. Koma ine ndikuitchula, chifukwa tsopano yatuluka pampanda wa sukulu ndipo ikupita kukadya ngongole ya mwana wanga.

Tiyeni tiyambe ndi chomeracho. Chilipodi, si chabodza. Pachingerezi amachitcha perennial soybean, ku Brazil amati soja perene, ndipo akatswiri amachitcha Neonotonia wightii. Kale ankachiika m'gulu limodzi ndi soya, n'kumachitcha Glycine wightii, koma mu 1977 anachichotsamo ataona kuti ubale wake ndi soya si wapafupi chotero. Dzina lakale lija ndi limene linatsalira pakamwa pa anthu, ndipo ndi limene akugulitsira amalondawa. Ndi chomera choyanga cha gulu la nyemba, mizu yake imalowa pansi kwambiri, chimapirira chilala, ndipo chimakhala zaka zambiri. Njere zake ndi za mamilimita awiri mpaka anayi basi. Ku Australia ndi ku Brazil amachibzaladi, pamenepo wogulitsa uja sananame. Chimene sananene ndi choti amachibzala ngati msipu wa ng'ombe komanso chophimbira nthaka. Alimi a ku Queensland amene anapindula nacho anapindula ndi mkaka ndi nyama, osati ndi phala. Ndipo kumene chinapulumuka m'minda, monga ku Hawaii ndi ku Queensland komweko, chinasanduka udzu wovuta umene umakuta tchire ndi mitengo.

Tsono imvani chinthu chimene chinandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi. Chomerachi kwawo ndi kuno ku Africa. Mitundu imene anthu a ku Australia anaisankha n'kuipatsa maina anaitenga kumaiko a kuno, ndipo umodzi mwa mitunduyo dzina lake ndi Malawi, chifukwa mbewu yake inachokera m'dziko lino. Ndiye taganizani. Chomera chimene chimamera chokha m'tchire lathu, chimene mwina mbuzi za agogo anu zakhala zikudya kuyambira kalekale, chapita kunja, chavala dzina la soya, chabwerera m'kapepala kowala, ife n'kuchigula ndi ndalama ya ngongole. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apa nyerere zake ndi dzina.

Ndipo dzina limanamiza, aphunzitsi anzanga, ife timayenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Soya amene timadya, amene amapanga Likuni Phala, mafuta ophikira ndi masoya pisi amene akupulumutsa mabanja m'tauni, ndi Glycine max. Anachokera ku China, ndipo ndi mbewu ya nyengo imodzi. M'miyezi itatu kapena inayi amamera, amachita maluwa, amakhwimitsa njere, kenaka amauma. Kufa kwakeko si vuto loti wina alikonze ndi kapepala ka njere. Ndi mmene chomeracho chimagwirira ntchito. Chimasamutsa chakudya chonse cha m'masamba ndi m'tsinde kupita ku njere, n'chifukwa chake njerezo zimakhala zazikulu, zodzaza ndi mafuta ndi zomanga thupi. Chomera chofuna kukhala zaka zambiri chimasunga gawo lalikulu la chakudya chake m'mizu ndi m'tsinde kuti chidzaphukenso. Izi timaphunzitsa tokha m'kalasi. Koma tsiku lija mu sitafu, anthu a madipuloma ndi madigiri tinaiwala zonse chifukwa tinaona chithunzi pafoni.

Wina anena kuti kodi sayansi siingapange soya wokhalitsa weniweni? Funso labwino, ndipo sindikutsutsa kafukufuku. Ku Australia kuli abale enieni a soya amene amakhala zaka zambiri m'tchire, monga Glycine tomentella, ndipo akatswiri a ku University of Illinois ku America anatha zaka zambiri akuyesa kuwakwatitsa ndi soya wathuyu. Koma chimene ankafuna kwenikweni ndi kutengako mphamvu yopirira matenda, osati soya wobzala kamodzi. Ku Kansas kuli bungwe la The Land Institute, limene linayamba mu 1976, ndipo ntchito yake ndi yofuna mbewu zachakudya zokhalitsa. Ku Yunnan ku China anapanga mpunga wotchedwa PR23 pokwatitsa mpunga wamba ndi mpunga wam'tchire wa kuno ku Africa. Anayamba m'zaka za m'ma 1990, alimi anaulandira mu 2018, ndipo mu 2022 analengeza kuti anakolola kasanu ndi katatu m'zaka zinayi atabzala kamodzi. Zimenezi ndi zoona ndipo ndi zosangalatsa. Koma onani zaka zake. Mpungawo unatenga zaka zoposa makumi awiri, ndi akatswiri, ndi ndalama, ndi minda yoyesera. Ndiye mukundiuza kuti chimene mayunivesite akuluakulu akulimbana nacho, bambo wina wachipeza n'kumachigulitsa m'timapepala pafupi ndi depoti? Mbewu yeniyeni ikadzabwera idzadutsa ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, idzayesedwa m'minda yathu, idzapatsidwa dzina, alangizi adzaidziwa. Soya wa Tikolore, Makwacha ndi Nasoko anafika kwa alimi podzera njira imeneyo.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa kwenikweni. Tikufuna mbewu ya gulu la nyemba, yodyedwa ndi anthu, yokhala zaka zingapo, yopirira chilala, yobwezera chonde m'nthaka, yosalira feteleza. Anzanga, mbewu imeneyo tili nayo. Tinaizula ndi manja athu kuseri kwa hositelo. Ndi nandolo. Nandolo ndi kamtengo kokhala zaka zitatu mpaka zisanu. Ife timamutenga ngati mbewu ya chaka chimodzi chifukwa timamuzula tokha tikakolola. Mukamudulira cha m'mawondo mutatha kukolola, mvula ikagwa amaphukanso, ndipo chaka chachiwiri amayamba ndi mizu yokhazikika kale pamene mbewu zina zikungomera. Muzu wake waukulu umalowa pansi mpaka mamita awiri, kumene chimanga sichifika, n'chifukwa chake mu Ogasiti minda yonse ili mbuu, nandolo yekha ali biriwiri. Kumizu kwake kuli timibulu mmene mumakhala tizilombo togwira nayitrojeni wa mumpweya. Mizu yomweyo imatulutsa timadzi tosungunula fosifolasi amene wamangika m'dothi lofiira. Masamba ake amayoyoka n'kuphimba nthaka, ndipo amene anabzalapo chimanga pamene panali nandolo amadziwa mmene chimaderera.

Nanga kudya kwake? Nandolo wamuwisi wophika ndi tomato ndi anyezi, ndani sanamudye ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu kapena Zomba? Wouma timaphika ngati nyemba, timapanga chipere, timaphika pamodzi ndi makaka. Pa magawo asanu a kulemera kwa njere youma, gawo limodzi ndi zomanga thupi. Ndipo amabwera pa nthawi yake, m'chilimwe, pamene masamba m'munda atha ndipo dimba lili kutali. Makoko ndi masamba zimadyetsa mbuzi. Mitengo yake ndi nkhuni, ndipo m'dziko limene mapiri ameta mpala chifukwa cha makala, mayi amene ali ndi mtolo wa mitengo ya nandolo kuseri kwa nyumba wapulumuka ulendo wa tsiku lonse. Mayi anga, Mulungu awasunge, sanapite kusukulu, koma ankadziwa kusiya mizere ya nandolo m'malire a munda kuti igone chaka china. Ankati ameneyo ndi nkhokwe yoimirira. Ine ndinapita ku koleji kukaphunzira maina achilatini a chinthu chimene iwo ankachichita ndi chikwanje.

Akatswiri athu nawonso sanagone pa nandolo. Matenda ofotetsa atavuta kummwera, mtundu wa ICP 9145, umene umatchedwanso Sauma, unaperekedwa kwa alimi mu 1987 chifukwa chopirira matendawo. Pambuyo pake kunabwera Kachangu ndi Mwayiwathualimi, ndipo alimi eni ake anafalitsa Mthawajuni, wocha msanga monga dzina likunenera. Ku Ekwendeni, kuyambira mu 2000, alimi pamodzi ndi ofufuza akhala akuyesa kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Mtedza umakula msanga n'kukololedwa pamene nandolo akadali wamng'ono, kenaka nandolo amatenga munda wonse, ndipo chaka chotsatira chimanga chimapeza nthaka yokhuta. Boma linavomereza njira imeneyi mu 2016. Soya weniweni nayenso amatha kulowa m'malo mwa mtedzawo. Ndiye amene akufuna soya ndi mbewu yokhalitsa m'munda umodzi, njira yake ndi imeneyo, ndipo inayesedwa m'minda ya Amalawi anzathu. Funso langa ndi loti, mwa ife aphunzitsi azaulimi, ndi angati tinatengera ana kumunda kukawaonetsa zimenezi?

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ndinazimva kale mu sitafu. Choyamba mukuti soya ali ndi zomanga thupi zambiri kuposa nandolo, komanso ali ndi mafuta. Zoona, amaposa pafupifupi kawiri. Sindikuti tisiye soya. Bzalani soya weniweni, thirani inokyulanti pa mbewu, bzalani mothithikana, kololani pa nthawi yake, mukazinge kapena kuwiritsa bwino musanagaye chifukwa soya wosapsa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya chakudya. Zonsezo ndimaphunzitsa ndipo ndipitiriza. Koma kuchuluka kwa zomanga thupi mu soya weniweni sikupereka ngakhale supuni imodzi ya phala kuchokera ku chiyangayanga chija. Simungatamande mkaka wa ng'ombe ya mnzanu n'kumakama mbuzi yaimuna.

Chachiwiri mukuti msika wa nandolo ndi wosadalirika. Apa ndiye ndikuvomereza ndi mtima wonse, chifukwa ndinaona misozi. Nandolo wathu wambiri amapita ku India. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mitengo kuno inagwa pansi. Alimi amene anakulitsa minda ataona mitengo yabwino ya zaka zam'mbuyo anatsala ndi matumba m'nyumba, ena ana awo anasiya sukulu, ndipo ena mwa anawo anali a m'kalasi mwanga. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana zoti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, komabe kudalira wogula mmodzi wa kutsidya kwa nyanja ndi kugona pamphasa yobwereka. Koma taonani phunziro lake. Mtengo wa nandolo utagwa, mabanja aja anadya nandolo wawo. Anali osauka koma mphika unali pamoto. Mwana wanga uja akazula nandolo n'kubzala msipu, wogula akasowa adzadya chiyani? Ng'ombe alibe. Mbewu imene ungathe kuigulitsa kapena kuidya ndi yosiyana kutalitali ndi mbewu imene wogula wake ndi yemwe uja anakugulitsa njere, amene foni yake idzakhala yozima pa nthawi yokolola.

Chachitatu mukuti nandolo sagona chaka chifukwa cha mbuzi ndi moto. Apa ndiye pagona nkhani yeniyeni, ndipo ndi nkhani ya anthu, si ya mbewu. M'madera ambiri, makamaka m'chigawo chapakati, chimanga chikangokololedwa ziweto zimamasulidwa, ndipo chilichonse chobiriwira chimatha. Anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, moto n'kulowa m'minda. N'chifukwa chake nandolo wakhazikika kummwera kumene minda ndi yaing'ono ndipo mbuzi zambiri zimamangidwa. Koma ndifunse, kodi soya wosafayo mbuzi zidzamulambalala? Ameneyo ndiye chakudya chawo chenicheni. Mbewu iliyonse yofuna kukhala m'munda chaka chonse idzakumana ndi mbuzi yomweyo ndi machesi omwewo. Ndiye ngati tikufunadi ulimi wa mbewu zokhalitsa, ntchito yake ili pabwalo la amfumu, kukhazikitsa malamulo a m'mudzi oti mwini mbuzi azimanga kapena kuweta, woyatsa tchire azilipira. Midzi imene inagwirizana zotere nandolo wake amafika pokolola. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ilibe kapepala kowala, ndipo imadanitsa ndi achibale. N'chifukwa chake timakonda kugula chozizwitsa.

Ndiwonjezere chimene simunanene, kuti musati ndikubisa. Nandolo wa chaka chachiwiri ali ndi mavuto ake. Mbozi zoboola makoko zimamukonda. M'munda mmene muli matenda ofotetsa, kumusiya zaka zambiri ndi kuweta matendawo. Zokolola zimatsika akamakalamba, ndipo akakula kwambiri amaphimba chimanga ngati simunamudulire. Ndiye ine sindilangiza munthu kusiya nandolo zaka zisanu. Zaka ziwiri, mwina zitatu m'malire a munda, kenaka zulani, sinthani mbewu. Mukuona kusiyana kwake? Ine ndikukuuzani zoipa za mbewu yanga. Wogulitsa uja anakuuzani choipa chimodzi chokha cha mbewu yake? Munthu akakuuzani kuti mbewu yake siifuna khasu, siifuna feteleza, siidwala, siifa, gwirani thumba lanu. Ngakhale kalongonda, amene Alhomwe amamudziwa bwino, amadyedwa chifukwa makolo anaphunzira kumuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo. Chakudya chilichonse chili ndi mbiri ya anthu amene anachiyesa, anachiphika, anadyetsa ana awo. Funsani wogulitsayo kuti ndi mudzi uti padziko lapansi umene umadya nsima ndi soya wakeyu.

Tsopano ndidziloze chala ndekha, chifukwa mlandu uwu ndili nawo. N'chifukwa chiyani mnyamata amene anakhoza bwino zaulimi pa MSCE angakhulupirire zoterezi? N'chifukwa choti ndinamuphunzitsa kuloweza, sindinamuphunzitse kukayika. Ndinamulembetsa manotsi a kasinthasintha wa mbewu, anajambula bwino timibulu ta kumizu, anapeza mamalikisi. Koma sindinamupatse khasu kuti azule nandolo mmodzi, atsuke mizu, adule kambulu ndi lezala aone kufiira kwa m'kati. Sindinamuphunzitse kuti mbewu yachilendo umayesa mizere iwiri pambali pa mbewu yodziwika, n'kuyeza zokolola pasikelo. Ndipo pali china chochititsa manyazi kuposa apa. Ine ndili mwana ku sekondale yogonera komweko, tinkaseka anzathu obwera ndi nandolo kuchokera kumudzi. Tinkati ndi ndiwo za anthu osauka. Mtima umenewo sunathe, unangovala tayi. Soya timamulemekeza chifukwa amabwera ndi mapulojekiti, magalimoto oyera ndi misonkhano ya maalawansi. Nandolo amabwera ndi agogo pamutu. Ndiye pamene wina anatchula mawu oti soya, n'kuwonjezera kuti wachokera kunja, tinagwada tisanafunse. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku lija phula tinadya ndi ife ophunzitsa.

Sindikuti chomera chija n'chopanda ntchito. Amene ali ndi ng'ombe zamkaka kapena mbuzi za m'khola, msipu umenewu ungamuthandize, bola aubzale poti angathe kuulamulira, kutali ndi munda wa chakudya ndi mitengo yazipatso. Akaugula, augule podziwa kuti akugula msipu, pa mtengo wa msipu. Chimene ndikukana ndi kuutcha chakudya cha ana. Chimene ndikukana ndi kuzula mbewu yodyetsa banja chifukwa cha dzina. Ndipo chimene ndikukanitsitsa ndi choti ife aphunzitsi, amene makolo kumudzi amatikhulupirira kuposa wailesi, tikhale oyamba kufalitsa zinthu zimene sitinaziyese. Mphunzitsi akanena, mudzi umamva. Mnzathu uja sanabe ndalama ya munthu, anali ndi cholinga chabwino, ankafunadi kuti ana amwe phala. Koma cholinga chabwino sichinadzaze mbale.

Ndiye ndikupempha zinthu zochepa. Aphunzitsi anzanga azaulimi ndi abayoloje, mvula ikubwerayi pezani kamalo pasukulu, ngakhale kofanana ndi kalasi imodzi. Gawani patatu. Pena chimanga chokha, pena chimanga ndi nandolo, pena nandolo ndi mtedza kapena soya. Mukakolola, nandolo wina mudulire, wina muzule, chaka chamawa mubzale chimanga ponsepo. Ana ayeze okha, alembe okha, atsutsane okha. Mwana amene wachita zimenezi kamodzi sadzagulanso chozizwitsa pa depoti. Wina akabwera ndi mbewu yachilendo, musamuthamangitse, mupatseni mizere iwiri kumapeto, ndipo funsani alangizi a kwanuko dzina lake lenileni musanabzale. Inu ana anga amene muli m'tauni ndi kunja, amene mumatumiza ndalama ndi mauthenga kumudzi, chonde musamatumize chilichonse chimene mwaona pafoni ngati uthenga wachipulumutso. Mayi anu akazula nandolo chifukwa mwana wawo wophunzira wanena, njala yake simudzaimva inu.

Kuseri kwa hositelo kuja tayamba kuzula chiyangayanga chija. Ntchito yake ndi yosautsa, chifukwa mizu yake ndi yozama ndipo njere zimene zinagwa zikumerabe. Pamenepo pokha wogulitsa uja ananena zoona, n'chosafadi. Ahedi avomera kuti tibwezeretse nandolo, ndipo mbewu yake atipatsa ndi amayi ena ophika, kuchokera m'chigubu chimene amasunga kunyumba kwawo. Sanatilipiritse. Anangoti aphunzitsi, ulendo uno musazulenso.

Mnyamata uja ndamuimbiranso dzulo. Njere anagula kale, ndalamayo yapita. Koma nandolo wa mayi ake akadali chilili. Tagwirizana kuti njerezo azibzale m'mbali mwa khola la mbuzi, ndipo ndalama yotsala agule mbewu ya soya weniweni kwa wogulitsa wovomerezeka, abzale pakati pa mizere ya nandolo. Sanasangalale kwenikweni, ndinamva m'mawu ake. Munthu ukamulanda maloto samakuthokoza tsiku lomwelo. Koma ngongole ija ili ndi tsiku lobweza, ndipo amayi a ku banki m'khonde salandira zithunzi za pafoni.

Amene mukuona kuti ndalakwitsa, bwerani ndi mbale ya soya wosafayo, wophika, tidye limodzi pamaso pa ana. Nsima ndigula ine. Kufikira tsiku limenelo, musiyeni nandolo akhale.